Agulugufe a m'Mphepete mwa Manda

Amuna anga oyamba anali mphunzitsi wa sukulu ya mishoni m'mudzi mwathu, chakum'mwera kwa Katete, ndipo anali ndi matenda amodzi amene ine sindinawamvetse mpaka banja linatha: ankajambula agulugufe. Kwawo kunali ku Vubwi. Anabwera kudzakhala kwathu pa chikamwini zaka zoyambirira za Chitaganya, dziko likadali m'manja mwa azungu, atanyamula sutikesi ya malata, njinga, Baibulo ndi kabokosi kakuda kojambulira zithunzi. Kabokosiko anawasiyira ndi mzungu wina amene anawaphunzitsa uphunzitsi, pamene ankabwerera kwawo. Mzungu ameneyo ndiye anawapatsira matendawo.

Kwathu gulugufe sitinkamuwerengera. Mphalabungu ndi matondo tinkazidziwa bwino, chifukwa ndi ndiwo. Tsiku lina amuna angawo anandifotokozera kuti tizilombo tokwawa pa masamba tija ndi timene timadzamera mapiko n'kuuluka. Ine ndinati, "Ndiye kuti mumajambula ndiwo yothawa?" Anaseka mpaka kupukuta misozi. Ine sindinkachita nthabwala, ndinkafunsa zenizeni.

Mkati mwa sabata ankaphunzitsa, koma Loweruka mkamwini amayenera kuoneka m'munda wa apongozi. Ankapitako ndithu, ndisawanamizire, ndipo mizere yawo inali yowongoka kuposa ya alongo anga. Koma dzuwa likangoyamba kutentha, khasu ankalitsamiritsa pa chulu, n'kutenga kabokosi, ulendo wa ku kaphiri. Kaphiriko kanali ka dothi loyera, komwe akazi tinkakatapa tsiro lozirira nyumba. Udzu wake unali waufupi, mitengo patalipatali, masuku ndi mpoza basi. Kuseri kwake kunali msitu wa manda athu, ndipo ukadutsa m'mbali mwa msituwo unkafika ku mudzi wina. Amayi ankangoti, "Amuna ako aja apitanso kukaweta mphepo," n'kupitiriza kusosa.

Malaya awo ndinkachapa ndine, ndipo mkazi amawerenga malaya kuposa mmene mphunzitsi amawerengera buku. Mawondo a buluku ankabwera oyera ndi dothi. Zigongono zoyera. Chisoso chitamatirira pamimba, nthawi zina ndi kumsana komwe. Munthu wamkulu, wovala tayi Lamulungu lililonse, amagona pansi kutchire kufuna chiyani? Ndiye ku mudzi wa kuseri kwa manda kuja kunali mayi wina amene anali atangobwera kumene kuchokera ku migodi banja litamuthera. Anali ndi madiresi a maluwamaluwa, ndipo poyenda ankachita ngati pansi pali mazira. Ndinaphatikiza ziwirizi mosavuta. Sindinafunse munthu, mlandu ndinauweruza ndekha ndikufinya malaya pa mwala kumtsinje.

Zithunzi zawo nazo sizinkawathandiza. Filimu ikatha ankaitumiza ku Chipata, kumene masiku amenewo azungu ankakutcha Fort Jameson, kwa Mmwenye wina wotsuka zithunzi. Zikabwera ankaziyala pa mphasa monyadira, ngati mlenje amene wabwera ndi nyama. Iwe n'kuwerama kuti uone: udzu wotuwa, mwala, mthunzi wa mutu wawo, ndi kadontho pakati. "Ameneyu ndi uja wachikasu wa madontho akuda," ankatero, chala chili pa kadonthoko. Chikasu chili pati pa chithunzi chakuda ndi choyera? Kumbuyo kwake ankalemba mwezi, malo ndi mtundu wa duwa limene gulugufeyo anaterapo. Ine ndinkavomera ndi mutu, koma mumtima ndinkati zoonetsa ndi izi, zobisa zili kwina.

Mwezi wa Okutobala, tchire litapsa, ndinaganiza zowatsatira. Ndinabereka mwana wathu wamkazi, amene anali asanayambe kuyenda, n'kusenza dengu ngati ndikukatapa tsiro. Pa lupsa panali patatuluka maluwa aja osadikira mvula. Ena anali ofiira, obulungira ngati mpira, opanda tsamba ndi limodzi lomwe, ongodzukira m'phulusa. Ena anali ofiirira, aafupi, ogwira pansi, ndipo ena achikasu ankatsegula m'mawa n'kufota masana. Zaka zonse ndinkawaponda popita ku tsiro osawayang'ana. Tsiku limenelonso sindinapitire maluwa, maso anga ankasaka diresi.

Ndinawapeza amuna anga atagona chafufumimba, akukwawa ndi zigongono ngati buluzi, kabokosi kali patsogolo. Ndinabisala kuseri kwa msuku mpaka miyendo inachita dzanzi. Sanatembenuke. Gulugufe akauluka iwo ankangodikira, akatera ankasendera pang'ono. Panalibe mkazi, panalibe ngakhale galu. Amene anandiulula ndi mwana, analira.

"Amake mwana, mwabwera bwino," anatero monong'ona, osadzuka. "Gwadani apa. Koma mthunzi wanu usagwere pa duwa."

Ndinagwada. Pamwamba pa kabokosi panali kagalasi kochepa ngati chikhadabo. Nditaikapo diso ndinaona duwa lofiira lija lili m'katimo, ndipo pamwamba pake gulugufe wakuda wa mizere yobiriwira akutsegula ndi kutseka mapiko pang'onopang'ono. Ndisaname, chinali chinthu chokongola, ndipo mtima unandiuza choncho. Koma mtima womwewo unawonjezera kuti, anakuona kalekale ukubwera ameneyu, akukuseweretsa. Munthu wansanje ngakhale umuonetse m'manja mopanda kanthu, amati wameza.

Atajambula anakhala tsonga, chimwemwe chili pankhope, n'kuloza chakumsitu. "Apa ndi ochepa. Ambiri ali uko. Mitengo ya kumanda sadula, moto saulola kulowa, ndiye maluwa oyanga m'mitengo samatha. M'mphepete mwake mumatuluka kamadzi, ndipo pa matope pamenepo amasonkhana oyera, achikasu, abuluu, mpaka pansi osaoneka."

"Kumeneko musamapiteko," ndinatero. "Simudziwa kuti m'msitumo muli dambwe?"

"Sindilowamo ayi. Ndimaima kunja, pa matope."

Dambwe ndi malo obisika m'kati mwa msitu wa manda, kumene amuna a gule wamkulu amakonzera zilombo zawo. Mkazi sapondako, mwamuna wosavinidwa sapondako. Amuna anga anakulira pa mishoni, gule sanalowe, ndipo ankaganiza kuti ngati phazi lako silinadutse mtengo woyamba ndiye kuti sunalakwe. Ine ndinawachenjeza kamodzi kokhako, ndiponso mosaikirapo mtima. Chimene ndinatolapo pa mawu awo n'chakuti njira ya kumatopeko ndi yomweyo yopita kwa mayi wa madiresi.

Loweruka lotsatira filimu inatha. Ndinawaona akuitulutsa m'kabokosi, akunyambita kapepala komatira, n'kuiika m'kachitini m'sutikesi kudikira ulendo wa ku Chipata. Lolemba, iwo ali ku sukulu, ndinatsegula sutikesiyo. Ndinkaganiza kuti zithunzi zimakhala zili kale m'katimo, Mmwenye amangozikulitsa, ndipo kuti zina amuna anga amazichotsa panjira asanafike nazo pa mphasa. Anali atandiuzapo kangapo kuti kuwala kumapha filimu. Koma mwamuna wobisa kanthu anganene chiyani china?

Ndinapita kuseri kwa nkhokwe dzuwa lili paliwombo, ndinang'amba kapepala kaja ndi chikhadabo, n'kutambasula. Pansi pa pepala lalitali panali kansalu koterera, kotuwa, konunkha mankhwala. Ndinakakweza ku dzuwa n'kukayang'anitsitsa kuchokera uku mpaka uko, kawiri konse, kuti pasandiphonye kanthu. Munalibe mkazi, munalibe gulugufe, munalibe chilichonse. Ndinakulunganso mmene ndinaipezera, ndinamata ndi utomoni wa kachere, n'kubwezera m'kachitini. Ndinakhumudwa, osati ndi manyazi ayi, koma chifukwa sindinagwire munthu.

Sabata yomweyo nkhani inabuka kuchokera mbali imene sindinkayang'anako. M'mudzi munkakonzedwa mwambo wokumbukira mkulu wina amene anamwalira chaka chinacho, ndipo kudambwe kunali kukulukidwa zilombo. Amuna awiri a gule anali atawaona aphunzitsi atagona m'mphepete mwa msitu, kabokosi kataloza kumitengo. Zaka zimenezo anthu ankakayikira chilichonse chonunkha mzungu: jakisoni wa ng'ombe, anthu oyeza minda, ngakhale shuga wa m'sitolo. Aliyense ankadziwanso kuti mishoni ndi gule sizinkamwerana madzi. Pofika Lachinayi mudzi wonse unali utamva kuti mphunzitsi akujambula za kudambwe kuti akapereke kwa azungu, gule aletsedwe. Lachisanu m'kalasi munapezeka ana asanu okha.

Atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, ndiwo anali mwini mbumba yathu. Anali munthu wa gule, wofatsa, woluka mphasa, wolankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Anaitana ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndi amuna awiri aja, tinakhala pansi pa mango kuseri kwa nyumba ya amayi.

"Akamwini," anayamba choncho, "ife tinakulandirani ndi manja awiri. Mapemphero anu sitinaletse, mwana wathuyu tinamulola kulowa mpingo wanu womwewo. Nanga kabokosi kanu kakufuna chiyani kumitengo kuja?"

"Agulugufe, atsibweni."

Anthu anaseka, koma sikunali kuseka kwabwino.

"Agulugufe atha m'mudzi muno, kuti mpaka mukawafune kwa akufa?"

Amuna anga anafotokoza za matope, za moto, za maluwa oyanga. Akamafotokoza kwambiri m'pamene nkhope za anthu zinkaumiranso, chifukwa palibe ndi mmodzi yemwe amene anamvapo za mwamuna wandevu wokwawira gulugufe. Anatulutsa zithunzi zakale zija. Mmodzi wa amuna a gule anazitembenuza uku ndi uku n'kunena kuti, "Ine pano ndikuona njira, miyala ndi malo athu. Gulugufe wanuyo sindikumuona." Sindinamutsutse mumtima, ndi zomwezo ndinkaona inenso.

Pamenepo amuna anga anati, "Chabwino. Filimu imene ndinajambula kumatopeko ilipo, sinatsukidwe. Itengeni inuyo atsibweni, muisunge nokha, tipitire limodzi kwa Mmwenye. Muli zithunzi zisanu ndi zitatu, ndipo ulendo uno ndinayandikira kwambiri, agulugufe aoneka bwino. Mukapezamo ngakhale chimodzi cha kudambwe, musavutike kundipirikitsa, ndinyamuka ndekha."

"Tikapezamo agulugufe, nkhani yatha ndipo ana abwerera kusukulu," anatero atsibweni. "Iwe mwana, katenge kanthuko."

Kachitini kaja ndinakakatenga ndine, n'kukapereka chogwada. Apo m'pamene mawu aja a kuwala anandibwerera. Kwa nthawi yoyamba chikwatiwire ndinapemphera kuti amuna anga akhale abodza.

Atsibweni ndi amuna anga anakwera basi pa Katete, anagona kwa achibale masiku awiri kudikira Mmwenye. Ine masiku amenewo ndinathira mchere kawiri m'ndiwo, ndipo amayi ankati ndikudera nkhawa amuna anga. Ndikanatha kuwauza amayi. Ndikanatha kupita kwa ankhoswe. Koma ndinkadzinyengerera kuti mwina kadzuwa ka kanthawi kochepa sikangaphe zithunzi zonse, mwina chimodzi chapulumuka. Tsiku lachitatu ndinawaona akutulukira pa njira ya kumsewu, atsibweni patsogolo, amuna anga kumbuyo patali ndithu, ndipo ndinadziwiratu.

Tinakhalanso pansi pa mango pomwe paja, koma tsopano anthu anachuluka. Atsibweni anamasula mpango, anatulutsa filimu ija n'kuitambasula kuti aliyense aone. Inali bii, ngati kunsi kwa mphika, kuyambira uku mpaka uko.

"Mmwenye akuti wina anaitsegula pa kuwala," anatero atsibweni. "Ndamva ndi makutu anga. Koma ine ndinaimanga pa mpango uwu, ndipo sinachoke m'thumba langa."

Mwamuna wa gule uja anaimirira. "Mmwenye anene zake. Nanga zakale zija zinatuluka bwanji? Udzu unatuluka, miyala inatuluka. Izi zakana chifukwa munthu analoza kosalozedwa. Zilombo sizijambulidwa. Ndipo ngati n'zoona kuti wina anatsegula, ameneyo waona za kudambwe ndi maso ake. Atiuze ndani, tithane naye."

Ine ndinakulira m'mudzimo, ndinkadziwa chimene chimachitikira mkazi amene akuti waona za kudambwe. Mbuzi za amayi zikanapita. Zilombo zikanabwera pakhomo pathu masana, ndipo panali zinanso zimene akazi tinkangonong'onezana kumtondo. Kuti sindinaonemo kanthu, ndani akanandikhulupirira? Ineyo ndinakhulupirirapo yani?

Atsibweni anatembenukira kwa ine. "Iwe mwana, m'nyumba muja mumakhala awiri. Kanthu aka iwe sunakakhudze, eti?"

Funso limenelo linabwera litanyamula yankho lake. Mpaka lero ndimakayikira kuti atsibweni ankadziwa, ndipo anasankha kutaya mkamwini kusiyana ndi kutaya mbumba. Koma sindingawakankhire mlandu wanga, pakamwa panali panga.

"Ayi, atsibweni," ndinatero.

Amuna anga sanandiyang'ane. Ankayang'ana nyerere pansi. Kenako anati, "Amake mwana sagwira katundu wanga. Mwina ndinaimata molakwika ndine."

Zinathera pomwepo. Sanamenyedwe, atsibweni anaonetsetsa kuti pasakhale wokweza dzanja. Anangouzidwa kuti mawu anawanena okha, ndipo mkamwini asamakule mwendo pamudzi pa eni. Akuluakulu a mishoni ataona kuti sukulu yatsala mabenchi okha, anawasamutsira ku sukulu ina kufupi ndi kwawo ku Vubwi. Ankhoswe awo anapempha chitengwa, kuti ine ndi mwana tipite nawo. Atsibweni anakana mofatsa monga mwa masiku onse. Anati mbumba singatsatire munthu wochoka ndi mlandu, adikire mitima ya anthu izizire kaye.

M'mawa wa tsiku lonyamuka ndinawaperekeza mpaka kumsewu waukulu, iwo akukankha njinga, ine nditasenza sutikesi, mwana ali kumsana. Titafika ndinatula sutikesi, anayamba kuimangirira pa kaliyala, ndipo ine ndinaona kuti akamaliza mfundo yomaliza ndidzatsala nazo ndekha moyo wanga wonse.

"Bambo, ndinatsegula ndine."

Sanasiye kumanga. "Ndinadziwa. Mmwenye anandionetsa utomoni pa kapepala, atsibweni atatuluka kukagula fodya."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Akanakuchitani chiyani anthu aja?" Anakoka chingwe n'kudzuka. "Chimodzi chokha ndiuzeni. Munkafunamo chiyani?"

Ndinawauza. Ndinatchula dzina la mayi wa madiresi uja, ndipo ndinawayang'anitsitsa pankhope, chifukwa ngakhale pamenepo kamtima kaja kanali kasanafe. Ndinkadikira kuti diso liphethire.

"Uti ameneyo?" anafunsa.

Anachita tsinya ngati mwana wasukulu amene wafunsidwa zimene sanaphunzire. Ankayesetsa ndithu kuti amukumbukire. Sankamudziwa n'komwe. Pamenepo m'pamene ndinalira, kulira koipa kotsegula pakamwa, pamsewu anthu akudutsa. Iwo anasisita mwana kumutu n'kunena kuti, "Musakauze munthu. Mwanayu akufunika mayi ake ali bwinobwino. Ndidzatumiza ankhoswe mvula ikatha." Anakwera njinga, ndipo sutikesi inkapendekera mbali imodzi mpaka anakhota.

Ankhoswe anawatumizadi, kawiri. Maulendo onse awiri atsibweni anati mitima sinazizire. Chinthu chimodzi chokha chikanaiziziritsa, ndipo chinali pakamwa panga, koma ine ndinabisala kuseri kwa mawu aja akuti musakauze munthu. Ndinkawatcha kumvera mwamuna, pamene anali mantha. Chaka chachitatu kunabwera uthenga wondisudzula, kenako tinamva kuti akwatira kwawo. Inenso patapita nthawi ndinakwatiwa ndi munthu wa m'mudzi woyandikana nafe, mlimi wa mtedza, amene malaya ake sindinawawerengepo.

Mwana wathu anakula akumva kuti bambo ake anali kazitape wa azungu. Anzake ankamunena nazo kumjigo ndi kusukulu. Ankabwera akulira, ine n'kumupukuta misozi n'kumuuza kuti asamamvere za anthu. Bambo ake atamulembera kalata ali mtsikana wamkulu, anaibweza osatsegula, ndipo ine ndinaona ndi maso anga akuipereka kwa wamtengatenga, ndili chete.

Ndinamuuza zoona atabereka mwana wake woyamba, tili awiri m'chikuta. Anamvetsera zonse osandidula, za malaya, za utomoni, za pansi pa mango. Atamva anayang'ana khanda lake. Kenako anandifunsa njira ya ku Vubwi, basi yake amakwerera pati. Ndinachita kumuuzanso ndine kuti bambo akewo anali atamwalira dzinja lapitalo.